Kuyeza, Kuyesa ndi Kulinganiza: Mawu a Zida Zokonzera Wailesi

Asilikali oteteza nyama ku Nyika ndi ku Vwaza, m'boma la Rumphi, amadalira wailesi zolankhulirana. Wailesi yotere ikafa, mmisiri amafuna zida zingapo, koma pa Chichewa zonsezo timaziunjika m'dzina limodzi loti "choyezera". Kumeneku n'kusokoneza ntchito zitatu.

Kuyeza n'kupeza kuchuluka kwa chinthu: multimeter imayeza mavoti a batire. Signal generator siyeza kanthu. Imatulutsa chizindikiro chofooka kuti tiyese ngati wailesi ikumva. Kuwongola wailesi kuti igwirizane ndi muyezo wodziwika ndiye kulinganiza.

Vuto lalikulu lili pa dummy load. Womasulira liwu ndi liwu anganene kuti "katundu wabodza". Chidachi sichabodza ayi. Chili ndi maohm 50, ndipo chimalumikizidwa pamalo a mlongoti kuti chimeze mphamvu ya wailesi n'kuisandutsa kutentha. Wophunzira akamva zoti n'chabodza akhoza kuchinyozera, n'kuulutsa mawu popanda cholumikizidwa, matransistor n'kupsa, anthu ali kuthengo n'kusowa wowamva. Ife tikuti chitchedwe "mlowam'malo wa mlongoti", ngakhale aphunzitsi a malamulo a chiyankhulo adandaule kuti tawabwereka liwu lawo osapempha.