Tikulira Bruno, nanga Shmuel?

Mwana wanga wamkazi adabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu. Pokonzekera tsiku la 27 Januwale, kalasi yawo idaonera filimu ya The Boy in the Striped Pyjamas. Nditamufunsa chomwe chidamuliza, adati, "Adadi, Bruno uja sadalakwe kanthu." Usiku womwewo ndidaionera ndekha, ndipo abale anzanga amene muli ndi ana m'sukulu za kuno ku Britain, ndati ndikuuzeni zomwe ndidaona.

Bungwe la United Nations lidakhazikitsa tsikuli mu 2005 pokumbukira Ayuda 6 miliyoni amene adaphedwa ndi chipani cha Nazi. Pa 27 Januwale 1945 mpamene asilikali a Soviet Union adamasula msasa wa Auschwitz, komwe kudafera anthu pafupifupi 1.1 miliyoni.

Filimuyi, yomwe idatuluka mu 2008 kuchokera m'buku la John Boyne, njokonzedwa mwaluso, sindikana. Bruno, mwana wa mkulu wa msasa, apalana ubwenzi ndi Shmuel, Myuda wamng'ono wa kuseri kwa waya. Pamapeto pake Bruno akwawira pansi pa wayayo nakafera m'chipinda cha mpweya wa poizoni.

Koma taganizani. Ku Auschwitz ana aang'ono ambiri ankaphedwa tsiku lomwe afika, ndipo mpanda udali wamagetsi, alonda ali pamwamba ndi mfuti. Mwana sakadakhala pamenepo tsiku ndi tsiku n'kumacheza. Komanso ana a ku Germany ankaphunzitsidwa kudana ndi Ayuda m'kalasi mwenimweni. Zoti mwana wa mkulu wa msasa sankadziwa kuti Myuda ndani, ine sindikuzimvetsa. Mu 2020 nawo oyang'anira malo achikumbutso a Auschwitz adachenjeza ophunzira ndi aphunzitsi a mbiriyi kuti apewe bukuli.

Chondipweteka kwambiri ndi mathero ake. Kamera imakhala pa mayi wa Bruno akulira pamvula, ndipo nafe timalira nawo, ngati kuti cholakwika n'chakuti mwana wa eni ake walowa mosayenera. Shmuel ndi anzake aja imfa yawo ikukhala ngati yoyembekezeka. Kwathu tikadati mlendo walanda maliro.

Sabata yotsatira ndidamubwerekera mwanayo buku la Anne Frank kulaibulale. Akuwerenga pang'onopang'ono, ndipo dzulo adandifunsa kuti Bergen-Belsen kuli kuti.