Mau a Abwenzi pa Makanema a Umbanda

Mwa nkhani zonse zimene anyamata ndi asungwana amakonda kukambirana akakhala pamodzi madzulo, nkhani ya kanema iri patsogolo. Ndipo mwa makanema onse, amene amautsa mkangano waukulu ndiwo a umbanda, ndiko kuti onena za akuba, achifwamba, opha anthu, ndi apolisi owasaka. Wina amati, "Iwe, ukaone The Godfather, muli Al Pacino." Mnzake amati, "Ine ndinakonda Scarface, mathero ake ngabwino, woipa uja anafa." Wachitatu, atauzidwa za kanema wina, amapukusa mutu nati, "Uja ngwogonetsa tulo, mulibe ndeu." Motero mbiri ya kanema imayenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo ambiri a ife timasankha choonera potsata mau a bwenzi.

Kukambirana kotere sikuyenera kunyozedwa, pakuti ndiko chiyambi cha luso la kupenda. Munthu wophunzira amene amapenda mabuku m'nyuzipepala, ndi mnyamata amene akuuza mnzake za kanema, onse awiri akugwira ntchito imodzi: aona, aweruza, ndipo akuuza wina. Amasiyana pa chinthu chimodzi, ndicho kupereka chifukwa. Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzakhala m'malo m'mene mau a mphunzitsi amalemera, ndipo mudzapeza kuti ana ambiri anaona kale makanema otere m'tinyumba toonetsera kanema pa msika, kapena pa foni za akulu ao. Tiyeni tsono titenge mau atatu aja limodzilimodzi, tione ngati angaime.

"Muli Al Pacino"

Chiyamikiro choyamba chimatsamira pa dzina la wosewera. Nzoona kuti wosewera waluso amanyamula kanema, koma dzina lokha silitiuza pamene luso lake lagona. The Godfather anatuluka mu 1972, motsogoleredwa ndi Francis Ford Coppola, ndipo nkhani yake inachokera m'buku la Mario Puzo la 1969. Marlon Brando, amene anasewera monga Vito Corleone, mkulu wa banja la achifwamba ku New York, anali asanakwane zaka 50, komabe amationetsa nkhalamba yeniyeni ya mau osasa, masaya olendewera, ndi kayendedwe kodekha. Sakuwa ndipo sathamanga. Anthu amadza kwa iye ndi madandaulo ao monga kwa mfumu, nampsompsona dzanja. Ndipo mantha amene timamva amachokera m'kufatsa kwakeko. Chifukwa cha ntchito imeneyi anasankhidwa kulandira mphotho ya Oscar mu 1973, ngakhale iye mwini anaikana.

Pacino anasewera monga Michael, mwana wamwamuna wotsiriza wa Vito. Poyamba timamuona ali msilikali wobwera kunkhondo, atavala zausilikali pa ukwati wa mlongo wake, akutsimikizira bwenzi lake Kay kuti iye sali ngati abale ake. Pomaliza timamuona ataima m'tchalitchi monga kholo laubatizo la mwana wa mlongo wake yemweyo, pa nthawi yomweyo imene anyamata ake akupha adani a banjalo mmodzimmodzi. Pambuyo pake alamula kuti mlamu wake aphedwe, nanamiza mkazi wake maso ali gwa, chitseko nichitsekedwa pakati pao. Ulendo wonsewu, kuchokera pa mnyamata waulemu kufikira pa munthu wa mtima wa mwala, Pacino amausonyeza ndi maso ndi kukhala chete. Mau ake amanka nachepa pamene mphamvu zake zikukula.

Tsono munthu yemweyo timampezanso mu Scarface wa 1983, wotsogoleredwa ndi Brian De Palma. Umo ali Tony Montana, wothawa kwao ku Cuba amene alemera pogulitsa mankhwala ozunguza bongo ku Miami. Ndipo amakuwa, kutukwana, ndi kutambasula manja kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Mu Heat wa 1995 ali mbali ya apolisi, akusaka mbava imene anasewera Robert De Niro, ndipo chigawo chimene anthu amachikumbukira koposa ndicho pamene awiriwo akhala pa tebulo limodzi akumwa khofi, popanda mfuti m'manja. Chotero bwenzi likati "muli Pacino," tiyenera kulifunsa kuti, "Pacino wake uti, ndipo anachita chiyani chimene wina sakanachita?" Yankho la funso limeneli ndilo kupenda.

"Woipa uja anafa"

Chiyamikiro chachiwiri chimaoneka chaulemu, ndipo ndicho chimene aphunzitsi timagwa nacho kawirikawiri. Timaganiza kuti ngati chigawenga chafa kapena chamangidwa pomaliza, kanemayo waphunzitsa khalidwe labwino. Eni ake a makanema ku America anaganizanso chomwecho. Mu 1930 analemba malamulo odziwika ndi dzina la Hays Code, amene anayamba kugwira ntchito mwamphamvu mu 1934 nalekeka mu 1968. Ndipo limodzi la malamulowo linaletsa kuonetsa umbanda m'njira yokopa oonera kuti akhale mbali ya wolakwa. Kwa zaka zambiri chigawenga cha m'kanema sichinkaloledwa kupambana.

Kodi lamuloli linathandiza? Yankho lina tilipeza ku Sophiatown, mu mzinda wa Johannesburg. Mu 1948 kunatuluka kanema wotchedwa The Street with No Name, wopangidwa kutamanda apolisi a FBI. Richard Widmark anasewera monga Alec Stiles, mtsogoleri wa achifwamba, amene amaphedwa pomaliza monga lamulo linafunira. Koma Anthony Sampson, amene anali mkonzi wa magazini ya Drum m'zaka za m'ma 1950, anasimba m'buku lake la 1956 kuti anyamata a kumeneko ankakondwerera Stiles, osati apolisi, natsanzira kavalidwe ndi machitidwe ake. Imfa ya mphindi zochepa sinathe kufafaniza ola lathunthu la zovala zokongola, ndalama, ndi kuopedwa.

Chomwechonso ndi Scarface. Nkhani yake njomvetsa chisoni: amake a Tony amakana ndalama zake nampirikitsa pakhomo, iye amapha bwenzi lake la pamtima, mlongo wake amafa chifukwa cha iye, ndipo iye mwini amathera m'dziwe la m'nyumba yake yaikulu. Komabe chithunzi chake chapachikidwa m'zipinda za anyamata m'maiko ambiri monga cha ngwazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma kanemayu amatikhazika nthawi yaitali poyang'ana kufiira kwa mkuyuwo, kotero kuti nyerere timaziona mochedwa.

Ife amene tinakulira nthano za Kalulu sitiyenera kudabwa nazo. Ana amaseka ndi kuomba m'manja pamene Kalulu apusitsa Njobvu kapena Fisi, ngakhale adziwa kuti wanama. Wochenjera ndi wolimba mtima amakopa mtima wa munthu kulikonse. Chotero muyeso wa kanema wa umbanda suli pa mathero okha. Funso loyenera ndi ili: kanemayo atatha, kodi tikukumbukira womenya yekha, kapena tikukumbukiranso womenyedwa? Kodi ophedwa aja anali anthu okhala ndi maina ndi abale, kapena anangogwa ngati mapesi?

"Ngwogonetsa tulo"

Muyeso umenewu ukutifikitsa pa makanema amene abwenzi amawataya msanga chifukwa mfuti sizilira kawirikawiri. Mmodzi wa iwo ndi High and Low wa ku Japan, amene Akira Kurosawa anatulutsa mu 1963. Toshiro Mifune anasewera monga Gondo, mkulu wa pa kampani ya nsapato ku Yokohama, amene wakongola ndalama zambiri, nachita chikole chuma chake chonse, kuti agule ulamuliro wa kampaniyo. Wachifwamba wina afuna kuba mwana wa Gondo, koma molakwitsa aba mwana wa dalaivala wake. Ndipo ngakhale wazindikira kulakwitsako, aumirirabe kuti Gondo alipire mayeni 30 miliyoni. Pafupifupi ola lonse loyamba liri m'chipinda chimodzi, ndipo mulibe nkhonya ngakhale imodzi. Muli munthu yekha amene akulimbana ndi funso lakuti, kodi nditaye zanga zonse chifukwa cha mwana wa wantchito wanga? Tate wa mwanayo waima pambali, wowerama, wosowa mau. Gondo alipira, nataya chuma chake.

Chigawo chachiwiri chimatitsitsa kuchokera ku nyumba ya pa phiri kunka ku misewu ya osauka, kumene apolisi akulondola wolakwayo pang'onopang'ono, pofunsa anthu ndi kusonkhanitsa tizizindikiro. Potsiriza Gondo ndi wakubayo aonana m'ndende, galasi liri pakati pao, ndipo timamva kuti udani wake unabadwa poyang'ana tsiku ndi tsiku nyumba ya pa phiri ija ali m'kachipinda kake kotentha. Kanemayu sakhululukira mlanduwo, koma amationetsa mtengo wake ndi muzu wake womwe. Munthu amene agona tulo poonera zotere anadza kudzawerenga mitembo.

Wina ndi Tsotsi wa ku South Africa, wa 2005, wotsogoleredwa ndi Gavin Hood kuchokera m'buku la Athol Fugard, amene analandira Oscar mu 2006 monga kanema wopambana wa chinenero chachilendo. Liu lakuti tsotsi si lachilendo kwa ife, pakuti linabwera ndi makolo athu amene anakagwira ntchito ku migodi ya kumeneko. Presley Chweneyagae, amene anamwalira mu 2025, anasewera monga mnyamata amene aombera mai wina, nalanda galimoto yake, napeza khanda pa mpando wa kumbuyo. Kanemayu satilola kuiwala mai wovulazidwayo ndi mwamuna wake, ndiponso Miriam, mai wamng'ono amene Terry Pheto anasewera, amene akakamizidwa ndi mfuti kuyamwitsa khandalo. Ena adzati kusintha mtima kwa mnyamatayo kwafulumira kopitirira, ndipo mau amenewo ali ndi maziko. Koma taonani kuti pamenepo abwenzi ayamba kukangana za munthu ndi chikumbumtima chake, ndipo mkangano wotere ngwopindulitsa.

Zimene mphunzitsi angachite

Choyamba tinene poyera kuti makanema onse tatchulawa si oonetsa ana a sukulu ya pulayimale. Tawatchula kuti inu eni munole nao maganizo anu. Koma popeza nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, simungathe kutseka makutu pamene ana akusimbirana zimene aona. Kuwakalipira kokha kudzawaphunzitsa kubisa. Kuwafunsa mafunso kudzawaphunzitsa kuganiza.

Mafunso ake ngomwewo amene timafunsa pa nthano m'phunziro la Chichewa. Mwana akati wakutiwakuti ndi ngwazi, mfunseni kuti asimbe nkhaniyo mwa dongosolo, kuyambira poyamba. Mfunseni amene analira m'nkhanimo, ndi chimene anataya. Muuzeni aisimbenso monga mmene akanaisimbira mai wa munthu wophedwayo. Mthandizeninso kusiyanitsa wosewera ndi munthu wa m'nkhani, pakuti ana ambiri amasokoneza ziwirizi. Mkumbutseni kuti mnzake amene anasewera monga mbala m'sewero la pa sukulu sanabe kanthu, ndi kuti tinamuombera m'manja chifukwa cha luso, osati chifukwa cha umbala. Mwana amene wazindikira ichi angathe kutamanda Pacino popanda kusirira Tony Montana.

Ndipo inu eni, pokambirana ndi anzanu kuno ku koleji, dziikireni lamulo ili: musayamikire kanema popanda kutchula chigawo chimodzi chimene chinakugwirani mtima, ndi kunena chimene wosewerayo anachita ndi nkhope, mau kapena thupi lake m'chigawocho. Yesani kulemba ndime imodzi m'Chichewa chomveka bwino, ya mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, yoyamikira kapena kutsutsa kanema amene munaona, osagwiritsa ntchito mau akuti "wokoma" kapena "woipa." Mudzaona kuti ntchitoyi njolimba kuposa mmene ionekera, ndipo kuti chinenero chathu chiri ndi mau okwanira kuigwira. Mphunzitsi amene wazolowera kupereka chifukwa pa kanema adzaperekanso chifukwa pa ndakatulo, pa nthano, ndi pa mlandu wa ana awiri amene amenyana pa bwalo la sukulu.