Banjo ya Msodzi

Kuno ku Mogoditshane n'kwa fumbi ndi magalimoto ogwirapo kale ntchito odikira ogula. Ukafuna kuona madzi otambasuka, umapita ku Gaborone Dam pa mtsinje wa Notwane, komwe a Gaborone Yacht Club amayendetsa maboti a matanga. Ndikaima pamenepo, makutu anga amafunafuna chinthu china: banjo ya msodzi wa kwathu.

Pa Chembe kapena ku Senga Bay, mwera ukakalipa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mabwato amagona pamchenga. Mwezi ukamawala kwambiri, nyali sizikopa usipa, choncho chilimira naye amapuma. Masiku amenewo ndiwo oimba. Mnyamata amatenga chigubu cha mafuta, n'kubayamo thabwa losema yekha, n'kukungapo nsambo za chingwe cha mbedza chomwe chija chokokera kampango. Zala zimene zinachita zikang'a ndi nkhafi zimayenda pansambozo mofewa modabwitsa. Anzake amasoka ukonde uku akuvomereza nyimbo, wina akugogoda m'mbali mwa bwato m'malo mwa ng'oma. Palibe womulipira ngakhale tambala.

Chimene ndimachikonda koposa n'kugunda kwa banjoyo. Mvetserani bwino, mumva kupalasa: nkhafi kulowa, kukoka, kutuluka. Luso la asodzi silithera pa banjo: ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, ambiri ovina malipenga, atavala zoyera, akuliza zipanda zawo, ndi anthu omwewo amene usiku amakhala panyanja.

Dzulo madzulo, mphepo itadutsa padamu, ndinapezeka ndikugogoda chala pabondo.