Za Mabuku Osimba Mbiri ya Akazembe a Nkhondo

Owerenga athu a ku Embangweni, ku Edingeni ndi pa Boma la Mzimba adziwa bwino maina a Zwangendaba, M'mbelwa ndi Ng'onomo, kazembe wa nkhondo wa M'mbelwayo; koma ndi owerengeka amene anafunsapo kuti mbiri ya amuna awa anailemba ndani, ndi kuti wolembayo anaima mbali iti. Tifuna kuyesa mabuku awiri pa mlandu umenewu.

Loyamba ndilo la Dr W. A. Elmslie, sing'anga wa Misyoni ya Livingstonia, amene anafika ku Njuyu m'caka ca 1885, nasindikiza buku lace m'1899, dzina lace Among the Wild Ngoni. Dzina lomwelo liwacha Angoni anthu olusa. Elmslie anakhala pakati pao masiku aja magulu a nkhondo akali kuturuka kukafunkha, cifukwa cace umboni wace sitingathe kuutaya. Koma m'bukumo M'mbelwa, amene anamwalira m'1891, aoneka makamaka monga munthu wotsekera kapena wotsegulira azungu njira, ndipo za katundu wa ufumu amene anasenza tingomva pang'ono.

Laciwiri ndilo la Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, limene linaturuka m'Cingerezi m'1942, My Ngoni of Nyasaland. Iye atsata ulendo wa makolo kucokera kumwera, naoloka nao Zambezi m'1835, nawaperekeza kufikira dziko la Afipa kumene Zwangendaba anafera. Chibambo anabwezera mtundu wace ulemu umene mabuku a alendo anaulanda, ndipo pa ici timtama. Komatu analemba monga mwana wa pabanja, ndipo mwana sacedwa pa zolakwa za atate wace.

Tsono mau a ogonjetsedwa tikawamva kuti? Pafupi ndi caka ca 1880 Atumbuka a Baza Dokowe anapanduka, nakwera phiri la Hora. Angoni anawazinga, ndipo anthu ambiri anathera pomwepo. Wofuna kumva mbali ya anthu otere aŵerenge Saulos Nyirenda, amene mbiri yace ya Atumbuka ndi Ahenga inasindikizidwa m'1931. Pa bwalo mlandu sautha asanalankhule onse awiri.

Taonani cimene cinacitika ku America. Kumeneko anthu a dziko limodzi anamenyana kuyambira 1861 kufikira 1865, ndipo muzu wa nkhondoyo unali ukapolo. Robert E. Lee, kazembe wa maiko a kumwera ofuna kusunga akapolo, anagonja kwa Ulysses S. Grant ku Appomattox m'1865, ndipo Grant anadzakhala Pulezidenti kuyambira 1869 kufikira 1877. Pambuyo pace olemba ambiri anatama nzeru ndi ulemu wa Lee, nakhala cete pa akapolo pafupifupi mamiliyoni 4 amene nkhondoyo inawamasula. Fano lace lalikuru linaimikidwa m'mudzi wa Richmond m'1890. M'2021 analicotsa, atakangana kowawa. Citamando cotsekereza misozi ya ena sicikhalitsa, ndipo pakugwa cigwa ndi mkwiyo.

Kwathu kuno nkhani isiyana pa cinthu cimodzi cacikuru. Angoni anawalowetsa ogwidwa m'midzi yao ndi m'magulu ao a nkhondo, nakwatirana nao, kotero kuti lero anthu ambiri a ku Mzimba alankhula Citumbuka, ndipo m'nyumba imodzi mukhala mdzukulu wa wogwira ndi wa wogwidwa yemwe. Posonkhana pa Umthetho patsinde pa Hora mwezi wa August, tibvina ingoma pa dothi limene makolo a mbali zonse ziwiri anagwapo.

Cifukwa cace tipempha aphunzitsi ndi akulu a midzi kuti aŵerenge mabuku awa pamodzi, osati limodzi lokha. Ndiponso alembe zimene agogo akali kukumbuka: dzina la kazembe ndi kulimba mtima kwace, komanso maina a midzi imene anaitentha, ndi a akazi amene anatengedwa. Mbiri yotere idzalemekeza M'mbelwa ndi Baza pamodzi, ndipo ana athu sadzasowa kuifafaniza.