Dzina ndi Mloŵam'malo m'Nthano za Jack the Ripper

M'chaka cha 1888, kuyambira Ogasiti kufikira Novembala, akazi asanu anaphedwa ku Whitechapel ndi madera oyandikana nako mu mzinda wa London. Wowapha sadziŵika mpaka lero. Dzina loti Jack the Ripper linachokera m'kalata imene bungwe la Central News Agency linalandira mu Seputembala, kalata yomwe ambiri amaiyesa yachinyengo.

Alembi a nthano sapirira mpata woterewu. Marie Belloc Lowndes, m'buku lake The Lodger la 1913, anausandutsa mlendo wochita lendi, Bambo Sleuth. Alan Moore, mu From Hell, analoza chala Sir William Gull, dotolo wa Mfumukazi Victoria. Tiona kuti Chingerezi chenichenicho chimawathandiza: mloŵam'malo he amagamula kuti wakupha anali mmodzi ndiponso wamwamuna, pamene bwalo la milandu silinagamulepo.

Chicheŵa sichitikakamiza motero. Mloŵam'malo iye sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mneni anawapha saulula ngati wakupha anali mmodzi kapena ambiri, pakuti mgwirizanitsi a- amaimira zonse ziŵiri.

Choncho tipempha omasulira kusamala. Pomasulira nthano, tiyenera kutsata mlembi. Koma polemba mbiri tisabwereke chitsimikizo chimene umboni sunapereke. Maina otsimikizika ndi a ophedwawo: Mary Ann Nichols, Annie Chapman, Elizabeth Stride, Catherine Eddowes ndi Mary Jane Kelly.