Anagula Ng'oma Ndani?

Kupenda buku la Frances Stonor Saunders lotchedwa Who Paid the Piper?

Gule akafika pokoma palibe munthu amene amafunsa kuti ng'oma inachokera kuti. Ovina amasamala mapazi awo, oimba amatchera khutu kwa wotsogolera nyimbo, ndipo ife oonerera timangoomba m'manja. Koma kukacha, fumbi litatsika, munthu wanzeru amafunsa kuti, Kodi chikopa chija anapereka ndani, nanga mowa umene anamwa oomba ng'oma unafulidwa pakhomo pa yani? Funso lotere ndilo limene mayi wina wa ku Britain, Frances Stonor Saunders, anafunsa m'buku lake limene linasindikizidwa ku London m'chaka cha 1999. Dzina la bukuli lichokera ku mwambi wa Angerezi wophunzitsa kuti wolipira woimba ndiye asankha nyimbo. Pano tifuna kuliyesa bukuli, kuti tione pamene lanena zoona, pamene lapitirira malire, ndi pamene latisiya panja ife ophunzira zinenero za makolo athu.

Nkhani ya m'bukumo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, maiko a America ndi Soviet Union anakhala pa udani waukulu, ngakhale sanaomberane mfuti maso ndi maso. Lililonse linafuna kukopa mitima ya anthu ophunzira. Chotero mu Juni 1950, mumzinda wa West Berlin, munabadwa bungwe lotchedwa Congress for Cultural Freedom, limene linati cholinga chake ndicho kuteteza ufulu wa olemba mabuku, oimba ndi ojambula. Likulu lake linali ku Paris. Litakula linali ndi maofesi m'maiko 35, ndipo linathandiza magazini oposa 20, ena mwa iwo Encounter wa ku London ndi Preuves wa ku Paris. Chimene olemba ambiri sanachidziwe ndi chakuti mkulu woyendetsa bungwelo, Michael Josselson, anali munthu wa CIA, ndilo bungwe la akazitape a boma la America, ndi kuti ndalama zambiri zinali kuchokera komweko.

Ndalamazo sizinabwere poyera. Ku America kuli mabungwe ambiri amene anthu olemera amakhazikitsa kuti azithandiza masukulu, zipatala ndi anthu ofufuza nzeru. Akazitape aja anapanga mabungwe awoawo ooneka chimodzimodzi, ena a iwo okhala ndi dzina ndi keyala basi, napititsa ndalama m'menemo. Lodziwika koposa linali Farfield Foundation, limene pamaso pa anthu linali la munthu wachuma dzina lake Julius Fleischmann. Nthawi zina ndalama zinadzera m'mabungwe enieni amene anavomera kukhala njira. Inu mudziwa kuti nkhuku ikadutsa m'manja atatu isanafike mumphika, wodya ndiwo sadziwa khola lake. Komiti ya aphungu a ku America yotsogozedwa ndi Frank Church inalengeza mu 1976 kuti pa mphatso 700 zoposa madola 10,000, zimene mabungwe 164 anapereka kuyambira 1963 kufikira 1966, zosachepera 108 zinali ndi ndalama za CIA, zina pang'ono, zina zonse.

Tisaganize kuti zimenezi zinakhudza olemba mabuku okha, pakuti masukulu aukachenjede ndi mabungwe ofufuza ndi kulangiza boma anali m'nsengwa yomweyo. Bungwe la RAND, limene linaima palokha mu 1948 ndi chithandizo cha Ford Foundation, linayamba monga ntchito ya asilikali a ndege za nkhondo. Sukulu ya Michigan State inatumiza akatswiri ake ku South Vietnam kuyambira 1955 kukathandiza boma ndi apolisi, ndipo pakati pawo panabisala anthu a CIA. Mu 1964 asilikali a America anayambitsa kafukufuku wotchedwa Project Camelot kudzera m'sukulu ya American University ku Washington, kuti adziwe chimene chimautsa anthu kuukira maboma awo. Koma anthu a ku Chile atazimva anakwiya kwambiri, ndipo ntchitoyo inathetsedwa mu Julayi 1965. Chinsinsi chonse chinayamba kuululika mu 1966 ndi 1967, pamene nyuzipepala ya New York Times ndi magazini ya Ramparts zinalemba za nkhanizi. Wolemba ndakatulo Stephen Spender anasiya ntchito ya ukonzi wa Encounter. Bungwe lija linasintha dzina, nilinayamba kudalira Ford Foundation, mpaka linatsekedwa mu 1979.

Pamene bukuli lili ndi mphamvu

Tiyenera kumyamika Mayi Saunders pa chinthu chimodzi chachikulu. Nkhani za akazitape zimakonda kuyenda ndi mphekesera, ndipo munthu wozikamba amafulumira kunena kuti zonse za pansi pano zili m'manja mwa anthu obisika. Iye sanatero. Anafufuza makalata akale, anacheza ndi anthu amene anagwira ntchitoyo, natchula maina, zaka ndi ndalama. Ili ndi phunziro kwa inu amene mudzaima patsogolo pa ana: kukayika ndi chinthu china, umboni ndi chinthu chinanso. Pa bwalo la milandu mfumu simanga munthu chifukwa chakuti nkhope yake ndi yoopsa, koma ifunsa mboni. Bukuli laitana mboni zake, ndipo pa mlandu wa ndalama zobisika palibenso wokana.

Chilembedwe chakenso ndi chokoma. Wolembayo adziwa kujambula munthu ndi mawu ochepa, ndipo aonetsa bwino manyazi a anthu otchuka amene analalikira za ufulu wa maganizo akudya m'mbale imene sanafunse mwini wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamene lapitirira malire

Koma cholakwa choyamba chili pa dzina lenilenilo. Wowerenga wosachenjera adzatseka bukuli akuganiza kuti aliyense amene analandira ndalamazo anaimba nyimbo ya wolipira. Kodi zinaterodi? Wolemba mbiri wina, Hugh Wilford, m'buku lake la 2008 lotchedwa The Mighty Wurlitzer, anaonetsa kuti olandira ambiri anatenga ndalama nachita zofuna mtima wawo. Umboni wabwino koposa uli kuno ku Afirika.

Bungwe lija linathandiza magazini ya Black Orpheus, imene Ulli Beier anayambitsa ku Ibadan mu 1957, ndi nyumba ya olemba ndi ojambula yotchedwa Mbari, yotsegulidwa mumzinda womwewo mu 1961. Linathandizanso magazini ya Transition, imene Rajat Neogy anayambitsa ku Kampala mu 1961. Woyang'anira ntchito za bungwelo za ku Afirika anali Ezekiel Mphahlele, munthu amene anachoka ku South Africa chifukwa cha tsankho. M'magazini amenewa munatuluka zolemba za Wole Soyinka, Christopher Okigbo, J. P. Clark, ndi mwana wa kwathu David Rubadiri. Werengani zimene analemba, muone ngati muli mawu a munthu wogulidwa. Anadzudzula atsamunda, anadzudzula tsankho, anadzudzulanso atsogoleri akuda amene anayamba kupondereza anthu awo. Neogy ananena kuti sanadziwe gwero la ndalamazo. Koma chinsinsi chitaululika, adani ake anapeza ndodo yomkwapulira, ndipo mu Okutobala 1968 boma la Milton Obote linammanga chifukwa cha kalata yodzudzula boma imene anasindikiza. Apa tiona kuipa kwenikweni kwa mphatso yobisika: siinasinthe mawu a munthuyo, koma inaipitsa dzina lake, ndipo amene anabisa anakhala pabwino pamene wobisiridwayo anagona m'ndende. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma pano zodya wamkulu ndizo zinapota mwana.

Pamene latisiya panja

Cholakwa chachiwiri ndicho chimene chitikhudza koposa. Bukuli likhalitsa ku London, ku Paris ndi ku New York, koma pa Afirika lingodutsa monga mlendo wofulumira. Likadaima pang'ono likadaona kuti mphamvu ya wolipira siili pa kusankha nyimbo pokha. Iye angathe kuwasiya oimba aimbe zimene afuna, koma ndiye amene asankha ng'oma yobwera nayo pabwalo, ndipo ng'oma zina zitsala m'nyumba.

Taonani chitsanzo. Mu Juni 1962 ku sukulu yaukachenjede ya Makerere ku Kampala kunachitika msonkhano waukulu wa olemba a mu Afirika, ndi ndalama za bungwe lomwe lija. Kunali Chinua Achebe, Soyinka, Okigbo, Mphahlele, Lewis Nkosi, ndi mnyamata wa sukulu amene pambuyo pake anadziwika kuti Ngugi wa Thiong'o. Koma dzina la msonkhanowo linanena poyera kuti unali wa olemba m'Chingerezi. Chotero Shaaban Robert, mkulu wa alakatuli a Chiswahili, amene anamwalira mwezi womwewo, sanali woyenera mpando. D. O. Fagunwa, amene nthano zake za Chiyoruba zinali kuwerengedwa m'masukulu ndi m'makomo kuyambira 1938, nayenso sanali woyenera. Nanga Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma amene analemba Nthondo m'chinenero chathu zaka pafupifupi 30 msonkhanowo usanachitike, akadalowera khomo liti?

Sitinena kuti akazitape anakhala pansi napangana zopha zinenero zathu, iyayi. Chimene tinena ndi ichi: opereka ndalama anafuna kukopa anthu ochepa ophunzira kwambiri, amene adzakhale nduna, akonzi a nyuzipepala ndi aphunzitsi a m'masukulu aukachenjede, ndipo anthu amenewo amafikirika ndi Chingerezi. Mlimi wowerenga Chichewa pakhonde pake sanali m'chiwerengero chawo. Chotero mapepala abwino, maulendo a pandege, misonkhano ndi kutchuka zinapita kwa wolemba Chingerezi, ndipo mwana wanzeru wofuna kukhala wolemba anaona yekha kumene kuli msipu. Palibe anamletsa kulemba m'chinenero cha amake. Anangoona kuti kumeneko kulibe wompatsa moni.

Chodabwitsa ndi chakuti munthu amene anadzudzula msonkhanowo mwamphamvu, Obiajunwa Wali wa ku Nigeria, anatero mu Transition momwemo m'chaka cha 1963, ponena kuti mabuku a Afirika sadzapita patali mpaka atalembedwa m'zinenero za Afirika. Ichi chitsimikiza zinthu ziwiri pamodzi: kuti magaziniyo inali yaufulu, ndi kuti ngakhale wolirira zinenero zathu analira m'Chingerezi, pakuti bwalo lomveka linali lokhalo. Ngugi anasunga mawuwo mumtima, nayamba kulemba nthano zake m'Chigikuyu, nafotokoza zifukwa zake m'buku la Decolonising the Mind mu 1986.

Kodi athu anali oyera?

Tingakhale osalungama tikanena kuti mabuku a zinenero zathu anamera okha monga bowa. Nawonso anali ndi owalipirira. Ambiri anasindikizidwa ndi amishoni, ena ndi ofesi ya mabuku imene boma la atsamunda linakhazikitsa ku Lusaka kuti itumikire Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Nthondo anapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London lofufuza zinenero ndi miyambo ya Afirika, limene linalandira chithandizo cha ndalama za banja la Rockefeller. Owalipirirawa nawo anali ndi zokonda zawo: anafuna nkhani zoyenera sukulu, zophunzitsa khalidwe, zosautsa mkwiyo pa boma. Makolo anati kupatsa nkuika, ndipo wopatsa aliyense amadziwa chimene adzatenge m'tsogolo. Koma kusiyana kulipo, ndipo ndi kwakukulu. Dzina la mishoni linalembedwa pachikuto, kotero kuti wowerenga anatha kuyesa mawuwo podziwa mwini ng'oma. Dzina la CIA silinalembedwe paliponse. Mphatso yoonekera ungathe kutsutsana nayo. Yobisika ikuchotsera ngakhale mpata wokana.

Mawu kwa aphunzitsi a mawa

Tsono inu amene mukonzekera kukaphunzitsa ana aang'ono, nkhani imeneyi si ya kutali monga ioneka. M'masukulu amene mudzatumizidwako mudzafika mabokosi a mabuku ochokera kwa opereka chithandizo. Musawakane, pakuti mwana wopanda buku ali ngati mlimi wopanda khasu. Koma musanawagawe tsegulani tsamba loyamba ndi lomaliza. Onani amene analemba, amene anasindikiza, amene analipira. Werengani nthano zake, mudzifunse kuti, Kodi ndani m'nthanozi ali wanzeru, ndani ali wopusa? Ndi chinenero chiti chimene chapatsidwa zithunzi zokongola ndi pepala lolimba? Safunsa anadya phula. Ndipo pamene muona kuti nthano za agogo a anawo, zirapi zawo ndi nyimbo za pamtondo mulibe m'bokosimo, musadikire mlendo kuti adzazilipirire. Zilembeni nokha m'kope, muziwerenge pamodzi ndi ana.

Buku la Mayi Saunders ndi loyenera kukhala m'nyumba yowerengera mabuku ya sukulu yathu, ndipo wodziwa Chingerezi aliwerenge mofatsa, ngakhale ndi lalitali ndipo maina achilendo achulukamo. Layankha bwino funso lakuti anagula ng'oma ndani. Funso limene silinafunse, lakuti ndi ng'oma ziti zinatsala m'nyumba, latsalira ife eni ake a ng'omazo.