Luso losulidwa pambali pa bedi la wodwala

Udokotala ndi luso limene silikhwimira m'kalasi mokha, n'chifukwa chake sukulu ya College of Medicine, imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ndipo kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, imasula ophunzira ake m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth Central Hospital. Chimake cha maphunzirowa ndi kuyendera odwala m'mawa, pamene dokotala wamkulu amayenda bedi ndi bedi limodzi ndi ophunzira, mmodzi n'kufotokoza mmene matenda anayambira ndi zimene wapeza atapima wodwala, mkuluyo n'kumufunsa chifukwa chimene akuganizira malungo osati chibayo.

Alangizi amenewa, pamodzi ndi anamwino amene kawirikawiri satchulidwa, ayenera ulemu waukulu, chifukwa amaphunzitsa zimene buku silingathe, monga kupeza mtsempha pa dzanja la khanda limene madzi atha m'thupi, kuzindikira ndi zala kapamba wotupa, ndiponso kuuza achibale uthenga wowawa modekha. Ngakhale atalandira digiri, dokotala watsopano amagwirabe ntchito moyang'aniridwa ndi akuluakulu kwa miyezi 18, nyengo yotchedwa internship, bungwe la Medical Council of Malawi lisanamulole kuchiza odwala payekha.